Zisa za Nyerere mu Mango Anga

Mwana wanga amene ali ku Australia akuti ndizilemba zimene ndikukumbukira, ati zimapeputsa mtima. Ine sukulu ndinalekezera panjira, moyo wanga wonse ndinali dalaivala wa malole a kumigodi, ndiye zolembalemba si zanga. Koma pali chinthu chimene chakhala chikundidya chaka chachiwiri chino, ndipo pafoni sindingathe kumuuza. Ndi nkhani ya nyerere.

M'mudzi muno, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, ndinabwera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo kutsatira mkazi wanga Lamduan, amene aliyense ankangomuti Duan. Ine ndine Neville, koma kuno palibe amatchula dzina limenelo. Ndine mzungu wa Duan basi. Ngakhale pano iye kulibe, amanditchulabe choncho.

Nyumba ndinamanga ndine, koma pamalo a makolo ake, poti mlendo sakhala ndi malo kuno. Miyezi itatu ikatha ndimapita kutauni kukaonetsa nkhope ku ofesi yoona za alendo kuti ndikadalipo. Zonsezo sizinkandipweteka. Duan analipo.

Sabata yoyamba anandigulira tebulo ndi mpando. Anati maondo angawa sangathe pamphasa. Ndiye ine ndinkadyera kukhonde lakumaso, pansi pa fani, mazira okazinga ndi buledi. Iye ndi akulu ake, a Sangwan, ndi amayi ena ankadyera kuseri, pansi, atazungulira timadengu ta mpunga womata. Kuseka ndinkakumva. Ndikati ndizungulire ndikaone, kuseka kuja kunkangoti zii, wina n'kudzuka kukanditengera mpando wanga. Ndinkati ndi ulemu. Unalidi ulemu.

Kamodzi pamwezi, Lamulungu, ndinkaotcha mwendo wa nkhosa ndi mbatatesi mmene ankaotchera amayi anga. Nkhosayo ndinkakagula kutali, ulendo wa maola awiri. Tsiku limenelo Duan ankabwera ndi kampando kake n'kukhala nane patebulo, mpeni uku foloko uku.

"Zakoma, bambo," ankatero.

Pabwalo ndinadzala mango asanu. Atakula, nyerere zofiira zija zinayamba kumangamo zisa, zimamata masamba pamodzi mpaka chisa kukula ngati mpira. Zimaluma koopsa. Tsiku lina Duan akusesa, zinamugwera m'khosi, khosi lonse madontho ofiira. Mawa lake ndinakagula chopopera chobereka kumsana ndi mankhwala. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse kutentha kukangoyamba, ndinkapopera mitengo yonse isanu mpaka pansi pofiira ndi nyerere zakufa. Duan ankaima pakhonde atapinda manja.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, amayi. Sizikulumaninso."

"Zikomo, bambo."

Anamwalira mu Disembala, matenda a chiwindi. Tinamuotcha kukachisi monga amachitira. Za masiku amenewo sindilemba.

Pakatha masiku zana limodzi, abale amapita kukachisi ndi chakudya chimene malemu ankakonda. Amonke, ansembe a pakachisipo, akadya, ndiye kuti chafika kwa iye. Kutatsala masiku awiri, a Sangwan anabwera kudzandikumbutsa. Anandipeza ndikutsitsa katundu m'galimoto.

"Alamu, mwagula chiyani?"

"Nkhosa. Mwendo wathunthu. Ankaikonda."

 Anagwira pakamwa ndi nsalu yawo, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira.

"Alamu inu," anatero akupukuta m'maso. "Nkhosa? Mng'ono wanga ankabwera kuseri kudzatsuka m'kamwa ndi tsabola. Ankati fungo lake limakhala masiku atatu, ngati watafuna bulangeti la munthu wodwala."

"Ankati zakoma."

"Nanga akanati chiyani? Munthu wayenda maola anayi."

Ndisanayankhe, pageti panaima Khamtan.

Khamtan ndiye mwamuna woyamba wa Duan. Anamusiya Duan akadali mtsikana n'kupita ku Bangkok kukamanga nyumba za anthu, anakatenganso mkazi wina kumeneko. Anabwerako wokalamba, wopanda kalikonse, amakhala m'kachisakasa kumunda kwake kumapeto kwa mudzi. Ndi munthu wowonda ngati ndodo, mano atatu, ndudu yopichira yokha sichoka pakamwa. Zaka zonsezo sindinamuwerengepo ngati munthu woti ndingamuganizire. Tsiku limenelo anali atanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake atamangirira kathumba.

"Akufunanji uyu pakhomo panga?"

"Mazira a nyerere," anatero a Sangwan. "Kumunda kwake kunadutsa moto chaka chino, zisa zonse zinapsa. Zanu ndi izi zadzaza, poti simunapopere."

Zinali zoona. Chiyambire kudwala kwa Duan chopopera chija sindinachigwire.

"Mazira a nyerere a chiyani?"

"A msuzi wa Duan. Msuzi wa masamba a kutchire ndi mazira a nyerere. Palibe chimene ankakonda kuposa chimenecho padziko pano, alamu. Ali mwana ankakwera yekha mumtengo. Ndiye uyu amabwera nawo chaka chilichonse kukatentha, m'kachidebe, amadzera kuseri."

"Chaka chilichonse."

"Simunkadabwa kuti mwezi wa Epulo kuseri kumakhala ngati kuli ukwati?"

Ndinakhala pansi pamasitepe. M'maganizo ndinaona Duan ataima pakhonde paja, manja atapinda, akundiyang'ana ndikupha chakudya chake mtengo ndi mtengo.

"Bwanji sanandiuze?"

"Akuuzeni bwanji? Inu mwavala magolovesi, chinthu chili kumsana, thukuta kamukamu, zonsezo chifukwa cha iye. Akati lekani, nkhope yanu mukanaiika kuti? Chaka choyamba anachita manyazi. Chaka chachiwiri anati nanga chatha chija sindinanene. Basi zinangopitirira."

Ndinafunsa funso limene mwamuna aliyense akanafunsa. Ndinafunsa motsitsa mawu, koma Khamtan anamva.

"Ndi ameneyu?" anatero a Sangwan akumuloza ndi chibwano. "Mano atatuwa? Alamu, musatiseketse tili pachisoni."

"Anayi, achemwali," anatero Khamtan. "Lina lili kumbuyo, limachita manyazi."

Ndinene zoona. Zikanakhala zachibwenzi mwina ndikanadziwa chochita nazo, ndikanakwiya n'kutha. Koma izi zinali zina. Munthu amene anamuthawa, amene sanamugulirepo ngakhale nsapato, ndiye ankadziwa chimene chimamusangalatsa. Ine ndinamumangira nyumba ya matailosi, ndinamugoneka pachifuwa panga mpaka mpweya womaliza, koma ndinkamudyetsa bulangeti.

Khamtan anali atayamba kale kulunjika ku mtengo wapakati. Ndinadzuka n'kumulanda nsungwi ija.

"Mango ndi anga. Nyerere ndi zanga. Ndikolola ndekha."

Sanalimbane nane. Anangokhala chonyonyomala pamthunzi n'kuyatsa ndudu yake.

"Pakani kaye ufa wa chinangwa pansungwipo, bwana. Zimaterereka, sizifika kumanja."

"Sindinakufunse."

Ndinabaya chisa choyamba n'kugwedeza. Mazira oyera anayamba kugwera m'thumba ngati mpunga, koma nyerere zinatsika ndi nsungwi ngati madzi ofiira. Zina zinagwa kuchokera kumwamba. M'manja, m'khosi, m'makutu, m'kabudula. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndikudumphadumpha pabwalo langa lomwe.

"Zakuzindikirani," anatero Khamtan. "Zikuti uyu ndi uja anapha agogo athu."

A Sangwan anaseka mpaka kutsamira galimoto.

"Musaime malo amodzi, bwana, muziponda ngati mukuvina. Eya, choncho. Duan akanaona zimenezi bwenzi atachira."

Ndinafuna kumumenya ndi nsungwiyo. Dzina la Duan ankalitchula mosavuta, ngati ndi lake. Koma sindinaisiye nsungwi. Ndinabaya chisa chachiwiri, chachitatu, mpaka chachisanu ndi chimodzi. Pa chachinayi ndinatenga ufa uja osamuyang'ana, iyenso anayang'ana kumbali. Titakhuthulira m'chidebe cha madzi n'kuchotsa nyerere ndi kansalu, mazira amene anatsala pansi anali odzaza manja awiri. Okwana mbale imodzi. Manja anga anali atatupa mpaka wotchi inakana kutuluka.

"Muphika ndinu, alamu," ndinawauza a Sangwan.

Anapukusa mutu. "Wanga ankaukana, ankati ndimachulutsa mchere. Ankadya wa uyu."

Ndiye m'mawa wa tsikulo, dzuwa lisanakwere, Khamtan anaphika kuseri kwa nyumba yanga, pambaula ya Duan, ndi poto wa Duan. Ine ndinaima pamenepo ngati mlonda. Sankayeza kalikonse. Anathira madzi a nsomba zoviika mumtsuko, analawa, anathiranso pang'ono. Masamba anawaponya komalizira n'kuphula msanga.

"Sankafuna afewe," anatero, osati kwa ine kwenikweni.

Sindinafune kumufunsa kanthu, koma pakamwa panandithawa. "Ankadya bwanji?"

Anandiyang'ana, ndudu ili pakona pa mlomo. Ulendo uno sanaseke.

"Ankayamba wasankha aakuluakuluwo. Amaika limodzi palilime, n'kuliphulitsa kunkhama, n'kutsinzina. Ukamuyankhula nthawi imeneyo sakuyankha."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinagona naye bedi limodzi. Nkhope imeneyo sindinaionepo. Inali kuseri kwa khoma, masitepe khumi kuchokera patebulo langa.

Nkhosa ndinaiotchabe, sindikudziwa chifukwa chake. Tinanyamula zonse kupita kukachisi. Anthu anali ambiri, amayi atavala zoyera ndi zakuda, mathireyi ali ndandanda pamphasa. Nthawi yopereka itakwana, ndinaona Khamtan akusendera pafupi ndi mbale ya msuzi ija.  Ndinati akangoigwira, ndichita chinthu choti mudzi uno sudzaiwala. Koma a Sangwan anaitenga ndiwo n'kuiika m'manja mwanga.

"Mwamuna wake ndinu. Pitani."

Ndinagwada. Maondo analira, koma ndinagwada, palibe amene anathamangira mpando tsiku limenelo. Munthu akamapereka kwa amonke, apambuyo amamugwira pachigongono kapena pamalaya, enanso n'kugwira awo, mpaka onse alumikizane, kuti mphatsoyo ikhale ya onse. Ndinamva dzanja la a Sangwan kumsana kwanga. Kenaka pachigongono chakumanja panafika dzanja lina, louma, lonunkha fodya.

Ndinalidziwa. Thupi lonse linafuna kulikutumula. Koma mbale inali yodzaza mpaka m'milomo, ndipo mazira anali omwewo basi, ena kunalibe. Ndikanangogwedeza mkono, msuzi wa Duan ukanatayikira pamphasa. Ndinaluma mano n'kutambasula manja pang'onopang'ono, dzanja la Khamtan likuyenda nane, mpaka amonke aakulu analandira.

Anadya ndithu. Anapungulira pampunga kawiri. Atatha anafunsa kuti waphika ndani.

"Akolola ndi azunguwa," anatero Khamtan. "Taonani manjawo."

Anthu anaseka, amonkenso anamwetulira. Funso lawo silinayankhidwe, ndipo ine sindinakonze. Nkhosa inabwerera mmene inapitira, kungochokapo mbatatesi imodzi. Inadyedwa ndi agalu a pakachisi.

Pansi pa mbale panatsala msuzi pang'ono. A Sangwan anandipatsa supuni. Ndinasankha dzira lalikulu, ndinaliika palilime, ndinaliphulitsa, ndinatsinzina. Linali lowawasa, lamadzimadzi. Sindinalikonde. Ndinayesetsa, koma sindinalikonde, ndipo Khamtan anaona.

Chaka chino zisa zachuluka kuposa kale, nthambi zina mpaka zawerama. Chopopera chija ndinakataya. Mwezi watha Khamtan anabweranso pageti ndi nsungwi yake, mitengo yake sinaphukebe bwino.

"Bwana, chisa chimodzi chokha."

"Ayi."

"Muli nazo makumi atatu. Inu simudya."

"Sindidya. Koma ayi."

Anaima pang'ono, anaseka ndi mano ake aja, n'kubwerera. A Sangwan anandinena kuti ndine munthu wouma mtima, kuti Duan akanachita nane manyazi. Mwina akanatero, koma sakanandiuza.

Ndimakolola ndekha tsopano, nsungwi ndinadula yanga, ufa ndimapaka. Ndimawapatsa a Sangwan kuti aphike, ine n'kupita nawo kukachisi m'mawa, ndekha, popanda wondigwira pachigongono. Amonke amalandira. Ndimawaona akumwa madzi pambuyo pake, ndiye ndikudziwa kuti mchere umachulukadi. Duan akudya msuzi wa mchere wambiri kumene aliko. Koma ukuchokera kwa ine.