Pulasitala wa M'kamwa

"Zula chabe, mwana wanga, nilibe nthawi," anatero Ba Whyson ali chagada pampando wa pakiliniki ina ku Mtendere.

Mainess, mwana wawo womaliza amene anaphunzira za mano, anangovala magolovesi. Bambo akewo, mmisiri womanga nyumba wodziwika Kalingalinga yonse, ankatsegula mabotolo ndi mano kuyambira ali mnyamata, koma dzulo lake botolo ndilo linapambana. Dzino lakutsogolo linabenthuka theka. Tsono Loweruka ankayenera kukalankhulira mphwawo Chrispin kwa makolo a mkazi ku Matero, ndipo manyazi anawagwira. Nkhoswe yanji yolankhula itagwira pakamwa?

"Sinizula, badadi. Nizamanga."

Anatulutsa timano toyerekezera mtundu. Ba Whyson analoza koyera mbee.

"Na tiyi yamene mumamwa ija? Izaoneka monga buloko imodzi yopenta pa chipupa chonse," anaseka Mainess, natenga kachikasu pang'ono.

Anawatsekera thonje m'milomo chifukwa phala loyera lomatira mano, lotchedwa kompoziti, siligwira pamalovu. Anamata pang'ono, n'kuunikira ndi katochi ka buluu mpaka linalimba. Anamatanso pang'ono, n'kuunikiranso. Kachitatu mkuluyo mtima unamuthera.

"Iwe, faka yonse pamodzi! Usewera?"

"Iyi ikalimba na laiti imakokana pang'ono. Nikafaka yambiri izasiya mpata, vakudya vizangena, dzino lizaola mukati. Si ndimwe munapitikisa Moven, wothandizira wanu uja, pa nchito chifukwa cha pulasitala yonenepa? Munati bwanji?"

"Ninati izang'ambika," anayankha motsitsa mawu.

"Manje yasamulani."

Anayasamula ngati mwana. Ali chomwecho anakumbukira mmene anakanira maphunzirowa, amvekere mwana wawo sangakalambire kusuzumira m'kamwa mwa anthu. Lero taonani mwana yemweyo akuyala phala mosanjikiza, kosi pamwamba pa kosi, dzanja losanjenjemera, ndendende mmene iwo amachitira ndi chipande cha simenti. Misozi inalengeza. Mainess anafunsa ngati zikuwawa, iwo n'kupukusa mutu.

Atasalaza ndi kupukuta, anawapatsa kalilole. Ba Whyson anafunafuna polumikizira, anapalasa ndi chikhadabo, osapapeza.

Loweruka ku Matero analankhula ngati wailesi, mano onse pamtunda, ndipo mbeta inavomera. Koma chinawawawa chinthu chimodzi: palibe anaona ntchito ya mwana wawo. Basi anayamba kuzungulira akuchikazi mmodzimmodzi.

"Ba Mpundu, langanani bwino. Ni dzino liti linathyoka?"

Ba Mpundu, malume a mkwatibwi, analoza lolakwika. Enanso awiri analakwitsa, Ba Whyson akuwomba m'manja.

Zakumwa zitabwera, dzanja linanyamula lokha botolo kupita kukamwa. Linaima panjira. Analiyang'ana botololo, n'kulitsitsa.

"Nipaseniko opena," anatero mokweza kuti onse amve. "M'kamwa muno anamanga ni mwana wanga."