Wailesi Yosakazinga

Egya Kwamena Bentsil ankayeza nyanja ndi khutu. Asodzi anzawo onse anali atagula timakina tolozera njira, koma iwo ankati munthu wa imvi sangauzidwe kwawo ndi kabokosi. Chawo chinali chiwailesi chakale chomanga ndi mphira, chokutidwa m'pepala lapulasitiki. Bwato likamanyamuka, Anti Adjoba wa pa wailesi ya m'tauni mwawo amakhala akulengeza za maliro ndi mbuzi zosowa, mawu akumveka bwinobwino. Mtunda ukamatalikira mawuwo ankayamba kufooka, kenako pankabwera phokoso lija la nsomba ikagwera m'mafuta otentha. Pamenepo ndiye Egya ankazimitsa injini n'kuponya mbedza. Malowo gombe lonse linkawatchula kuti Pokazinga, ndipo ngakhale amayi owamba nsomba ankadziwa kuti bwato la Egya silidutsa Pokazinga. Kubwerera sinali nkhani. Ankangolondola kumene kukazingako kukucheperachepera, mpaka mawu a Adjoba atayera, ndiye kuti kwawo kwayandikira.

Zinthu zinasokonekera ndi mphatso, monga zimachitira zinthu zambiri. Mkamwini wawo Fiifi, mwamuna wa mwana wawo Araba, wogwira ntchito mumzinda wa Takoradi, anabwera ndi wailesi yatsopano, yakuda, yonyezimira. Anafotokoza kuti a wailesi aimika mlongoti wina pamwamba pa phiri ndipo ayamba kuulutsa mwa dijito, moti iyi siliza phokoso ngakhale pang'ono. Egya anaseka chamumtima. Kodi alipo wogulitsa wailesi amene sanenapo zimenezo? Yakale ija nayonso anaigula atauzidwa chimodzimodzi. Koma akazi awo, Maame Ekuwa, anati n'zochititsa manyazi kusiya mphatso ya mkamwini pa kabati ngati maluwa, ndipo ananyamula chakale chija kupita nacho kowambira nsomba. Fiifi sanafunse kuti apongozi ake amamvera chiyani panyanja, nawonso Egya sanafunse kuti dijito n'chiyani. Paja safunsa anadya phula.

Ananyamuka Lachitatu, nyengo ya hamatani, mphepo ija yochokera kumpoto imene imadzaza fumbi m'mwamba mpaka dzuwa kusaoneka pamene lili. Gombe linazimirira asanamalize n'komwe kudya kenke wawo, nsima ija yokulunga m'masamba. Mphepo inali kumbuyo, bwato likuthamanga ngati lalonjezedwa kanthu, ndipo Adjoba anali pakati pawo, mawu ake okoma kuposa kale lonse. Mpaka kupuma kwake kunkamveka. Amuna amene anali nawo m'bwatomo anayamba kumuseka kuti lero ndiye adziwa kuti ali ndi chimfine.

Amene sanaseke anali Ekow, mwana wa mlongo wawo wa Egya, munthu wamkulu wokhala ndi ana ake kale, amene ankagwira injini. Anagwedeza chigubu cha petulo, n'kuchigwedezanso.

“Amalume, chigubu chopitira chatha. Ndikutsegula chobwerera.”

“Injini yakoyo yayamba kumwa ngati bambo ako,” anatero Egya. “Wamumva Adjoba akukazinga?”

“Sindinamumve.”

“Ndiye ukundifunsa chiyani?”

Ekow anatsegula chigubu chachiwiri. Malume ndi malume, ndipo khutu limenelo linali lisananamepo chibadwire iye. Madzi anali atasintha mtundu, akuda bii, mafunde ataliatali achilendo. Egya anaona zonsezo, sikuti anali akhungu, koma anakhulupirira khutu kuposa maso, pakuti ndilo linawadyetsa moyo wawo wonse. Anaika wailesi pa bondo, akudikira kaphokoso koyamba.

Adjoba anali pakati potchula dzina la mayi wina womwalira pamene anangoti zii. Sanafooke, sanatsokomole, sanakazinge. Dzinalo linadukira pakati, basi.

Egya anagogoda wailesiyo. Anaitembenuza, anakoka kawaya kake, anaikweza m'mwamba monga ankachitira ndi yakale ija. Pagalasi pake panali kuwala, mabatire anali amoyo, koma m'kati munalibe ngakhale kampweya. Mawu a Fiifi aja anawabwerera, akuti iyi siliza phokoso ngakhale pang'ono. Mnyamata uja sankatsatsa malonda ayi. Ankanena zoona.

“Ekow, tembenuza,” anatero, mawu ali otsika.

Palibe anafunsa chifukwa. Onse anali ataiona nkhope yawo, ndipo anali asanaionepo ili choncho. Anatulutsa mafoni, koma onse anali opanda netiweki. Mphepo ija inawathandiza popita tsopano inali pamphumi, bwato likukwera mafunde movutikira, injini ikumwa mowirikiza.

Patapita kanthawi wailesi inadzuka yokha, nyimbo ili pakati, yomveka ngati oimbawo akhala pa bokosi la nsomba. Amunawo anaomba m'manja, wina mpaka anayamba kuvina chokhala. Egya okha ndi amene sanasangalale nawo. Anamvetsera, anapendeketsa mutu, anasuntha bwato kumanja, kenako kumanzere. Nyimbo inali imodzimodzi. Sinkakula, sinkachepa. Chinthucho chinkadziwa mawu awiri okha, ndilipo ndi palibe, ndipo pakati pa awiriwo panali nyanja yonse. Mantha amene anawagwira anali oposa a poyamba aja, chifukwa tsopano anzawo ankaganiza kuti ayandikira.

Petulo anatha nyimbo zikuimbabe. Anagwetsa nangula, koma chingwe chonse chinatha osagunda pansi. Apa ndiye kuvina kunatha. Pokazinga nangula amagwira pansi chingwe chisanafike theka, ndipo aliyense m'bwatomo ankadziwa zimenezo. Ekow anakhala pansi atagwira mutu. Sanawanene amalume ake, ndipo kusanenako kunawapweteka Egya kuposa kutukwanidwa.

Kunada, kunacha, fumbi lili pomwepo. Ananyika gari, ufa wa chinangwa wokazinga, m'timadzi tochepa n'kugawana. Madzi a nyanja ankawakokera kumene ankafuna, ndipo wailesi inkangolankhula mosangalala za mpira ndi za mankhwala a nyamakazi.

Chakumasana Adjoba anadula nyimbo. Analengeza kuti bwato la Egya Kwamena Bentsil silinabwerere, n'kutchula mayina awo mmodzimmodzi, ndi mawu omwe aja amatchulira za maliro. Kumva dzina lako likutuluka m'kamwa mmenemo si chinthu chofunira munthu. Kenako analowetsa mkulu wa asodzi, amene anati mabwato ali okonzeka, koma petulo amene asonkha pagombe ndi wa ulendo umodzi wokha. Anati m'fumbi lotere sangamwazikane nyanja yonse, ayenera kudziwa kolunjika. Ena pagombepo ankati mabwatowo alowere kutali. Adjoba anati pali munthu amene akuwadziwa bwino kuposa onse, ndipo wabwera yekha wapansi kuchokera kugombe.

Anali Maame Ekuwa. Anayamba ndi kupuma kwa munthu amene wathamanga, ndipo kupumako kunamveka konse.

“Musataye petulo kutali, abale anga,” anatero. “Bambo a Araba ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Ali ndi zovuta zawo, amakani ngati mbuzi, koma Pokazinga sadutsa. Sanadutsepo ndi kamodzi komwe. Injini yangowafera pamenepo. Pitani Pokazinga, muzungulire pomwepo, muwapeza.”

Mkulu wa asodzi anavomera kuti mayiwa anena zoona, gombe lonse likudziwa, ndipo mabwato onse alunjika kumeneko.

M'bwato munalibe woyang'ana mnzake. Wina anali atagwira pakamwa, gari akadali m'manja. Egya ananyamula wailesiyo ndi manja awiri n'kuiyandikitsa kumaso, ngati kuti ili ndi pena polankhulira.

“Tinadutsa, mayi a Araba,” anatero chapansipansi. “Tinadutsa dzulo.”

Ekuwa anali akulankhulabe. Ankauza amuna awo kuti ngati akumva asadandaule, akhale pomwepo, asasunthe, anthu akubwera. Ankanena modekha, monyadira ndithu, monga mkazi amene akudziwa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Egya anaika wailesi pa chigubu chopanda kanthu chija. Anasolola nkhafi pansi pa maukonde, napatsa Ekow imodzi, ina n'kugwira okha. Ekow anafunsa kuti apalase cholozera kuti, amalume. Egya anayang'ana fumbi kutsogolo, fumbi kumbuyo, kenako anapendeketsa mutu mwachizolowezi kuti amvetsere. Mawu a akazi awo anali oyera, opanda kachitsotso, ngati akhala nawo m'bwato momwemo.