Membala Wina wa Khonsolo

Amake Ziyad anatenga tsamba lina la mpesa n'kuliyala pathireyi, mitsempha yake ili pamwamba. Anatsina mpunga wosakaniza ndi nyama, nauika m'munsi mwa tsambalo, kenako anapinda uku ndi uku n'kukulunga pang'onopang'ono mpaka linaoneka ngati chala cha mwana. Mphikawo unkadya masamba oposa mazana awiri, koma iwo sankafulumira. Linali Lachisanu, ndipo mwana wawo Lubna, mlongo wake wa Ziyad, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Amman, likulu la dziko lawo, kumene ankaphunzitsa za ndale pa yunivesite.

Lubna anakhala tsidya lina la tebulo ndi mulu wa mapepala. Amenewo ndiwo anali buku lake, ntchito ya zaka zitatu yofufuza za amayi amene amalowa m'makhonsolo a matauni. Lachinayi lotsatira bukulo linali kupita kwa osindikiza, ndipo kukwezedwa kwake pantchito kunkadikira bukulo.

A Mifleh, bambo ake, anali atangobwera kumene kuchokera ku mzikiti. Anakoka mpando n'kuuimika pakhomo la khitchini, kapu ya khofi ili m'manja.

"Adokotala, tiwerengereni m'chilankhulo chathu," anatero kwa Lubna. "Chingerezi changa ndinachisiya ku usilikali, ndipo chinali cha imani ndi tembenukani basi."

"Ndiwerenga, Ababa, koma mukamandidula mawu sindimaliza."

"Ine? Ndinadulapo ndani mawu? Amake Ziyad, ndinakudulanipo mawu inu?" Anadikira kamphindi kosakwanira ngakhale kumeza malovu. "Waona? Sanayankhe. Ndiye kuti ayi."

Lubna anaseka, n'kutsegula mutu wachinayi, umene unkakamba za tauni yawo. Ankawerenga mwakachetechete mzere umodzi, kenako n'kuumasulira mokweza.

"Mayi Samira, lomwe si dzina lawo lenileni, analowa m'khonsolo kudzera pa mipando imene lamulo linasungira amayi. Anawasankha ndi amuna a fuko lawo, chifukwa ankadziwika kuti ndi ofatsa. M'zaka zinayi khonsolo inakumana maulendo makumi anayi. M'buku la zokambirana, dzina la Mayi Samira silipezeka ngakhale kamodzi pakati pa anthu amene analankhula."

"Imani kaye," anatero a Mifleh. "Samira ndi ndani? Makhansala aakazi anali awiri okha, amako ndi Amake Basel."

"Samira ndi Amayi. Pa kafukufuku timasintha mayina kuti anthu asavutike nazo."

"Zoona? Ine ndinakwatira mkazi mmodzi, lero wandipatsa wachiwiri osandifunsa. Amaphika bwino Samirayo?"

Amake Ziyad anamwetulira chifukwa ankayenera kumwetulira, koma tsamba limene linali m'manja mwawo linang'ambika. Analiika pambali n'kutenga lina.

Ngakhale kamodzi. Mawuwo anawabwezera m'chipinda cha khonsolo chija, chokhala ndi fani yolira ndi tebulo lalitali la amuna asanu ndi anayi. Ulendo woyamba kulankhula inali nkhani ya madzi. M'tauni yawo madzi a m'mipopi amabwera tsiku limodzi pa sabata, ndipo akamafika ku nyumba za kumtunda amakhala atatha mphamvu, moti amayi a kumeneko ankachapa zovala za sabata lonse ndi kamtsinje koonda ngati ulusi. Mawu oti akanene anawayeserera masiku atatu ali okha m'khitchini momwemuno. Tsiku la msonkhano litafika, anaimirira. Ananena, ndipo patapita miyezi iwiri anthu a kumtunda anayamba kutsegulidwira madzi poyamba.

Pa msonkhano wotsatira, mlembi wa khonsolo, a Irsheid, anawerenga zokambirana za mwezi watha. Amuna onse anawatchula mayina, ndi a bambo awo omwe. Atafika pa nkhani ya madzi anati, "Membala wina anati nyumba za kumtunda zikuvutika." Pakutha pa msonkhano nkhalambayo inawadzera, dzanja lili pachifuwa.

"Mlongo wanga, musade nkhawa," anatero a Irsheid. "Dzina lanu sindinalilembe. Buku ili limagwiridwa ndi aliyense, ngakhale alendo ochokera ku boma. Sindingalole kuti dzina la mayi wa Ziyad lizitchulidwa m'kamwa mwa amuna achilendo."

Ndipo iwo anathokoza. Chimenecho ndicho chinkawawawa tsopano, kuti anathokoza, ndipo ankathokozadi kuchokera pansi pa mtima. Kwawo mwamuna satchula dzina la mayi ake pagulu, ndipo mnyamata amatha kumenya mnzake chifukwa cha zimenezi. A Mifleh omwe, pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za banja, dzinalo ankangolitchula chitseko chili chotseka.

Lubna anali akuwerengabe. "Nkhani ya Mayi Samira ikusonyeza kuti kupatsa mkazi mpando sikumupatsa mawu."

"Pamenepo wanena zoona," anatero a Mifleh. "Koma kusalankhula si mlandu, mwana wanga. M'nyumba muno ndimalankhulira tonse awiri, ndipo palibe anadandaulapo."

"Sindikuwanyoza Amayi, Ababa. Ndikuwaikira kumbuyo." Lubna anadzuka, nazungulira tebulo n'kupsompsona amayi ake pamutu. "Olakwa ndi amuna aja amene anakutsekani pakamwa. Mukudziwa, Amayi, anzanga amene awerenga bukuli akuti mutu wanuwu ndi umene wawagwira mtima kuposa yonse."

Amake Ziyad anamuyang'ana pafupi. M'maso mwake munali mofiira ndi kuwerenga, ndipo pafupi ndi khutu panali imvi ziwiri zimene chaka chatha panalibe. Mwana uyu ankawerenga mabuku pansi pa tebulo lomweli anzake akusewera panja. Anayenda matauni khumi ndi awiri pa mabasi, akupempha alembi aulesi kuti amutsegulire makabati afumbi.

Ndiponso sikuti sanawafunse. Chilimwe chatha anaika foni patebulo kuti ijambule mawu, n'kunena kuti, "Amayi, ndiuzeni za kukhonsolo." Iwo ataona kanyali kofiira ka foniyo anachita mantha. Anangoti, "Zinkayenda bwino, mwana wanga," n'kuthawira kukatembenuza buledi amene sanali pafupi n'kupsa. Tsono wolakwa anali ndani?

Anakulunga masamba ena atatu asanafunse.

"Lubna, m'mabuku ajawo munalibe mawu opanda dzina?"

"Mawu ati, Amayi?"

"Monga akuti, membala wina anati."

"Aa, amenewo analipo ambiri ndithu," anatero Lubna akubwerera pampando wake. "Ndinawasiya onse. Sindikanadziwa mwini wake. Alembi a kuno ndi osasamala, ndipo m'matauni enanso ndinapeza zomwezo."

M'matauni enanso. Amake Ziyad anaganiza za amayi ena amene sanawaonepo, aliyense ataimirira pa tebulo lake lalitali.

"Nanga utati usinthe mutu umodzi, Lachinayi lingatheke?"

"Kusintha chiganizo kungatheke. Koma mutu wonse ayi. Ziwerengero zake zalowa m'buku lonse. Ndiye kuti kubwereranso m'matauni onse aja, mwina chaka chathunthu." Lubna anapukusa mutu akuseka. "Musandiopseze, Amayi. Ndafika potopa nalo, ndikaliona ndimamva nseru."

Chaka chathunthu. Zinali zosavuta kungokhala chete. Mwana akanasindikiza buku lake, akanakwezedwa, a Mifleh akanaliika pamwamba pa kanema n'kumalionetsa alendo ngakhale sangaliwerenge. A Irsheid sakanaliona, Amake Basel anamwalira. Palibe akanadziwa.

Koma tsiku lina wina akanadzadziwa, mwina mtsikana wochenjera wa m'kalasi mwake, ndipo akanadzaimirira pagulu n'kunena kuti Adokotala Lubna anawerenga molakwa, ngakhale nkhani ya mayi awo owabereka omwe. Komanso, pansi penipeni, panali china chimene Amake Ziyad anachita nacho manyazi kuchivomera. Sankafuna kuti mwana wawo aziwakonda mowamvera chisoni.

"Amako akungodandaula kuti sunalembe za kaphikidwe kawo," anayamba a Mifleh. "Ine ndikanakhala wolemba, mutu woyamba ukanakhala wa..."

"Abambo a Ziyad, imwani khofi wanu."

Sanakweze mawu, koma a Mifleh anatseka pakamwa n'kuyang'ana m'kapu ngati mwagwera kanthu. Lubna anaika mapepala pansi.

Amake Ziyad anapukuta zala pa nsalu, chimodzi chimodzi.

"Mwana wanga, undikhululukire, ndinayenera kukuuza chilimwe chija. Membala wina uja ndine. Pena anali Amake Basel, Mulungu awachitire chifundo, koma kawirikawiri ndine. Madzi a kumtunda ndine. Basi yotenga atsikana a sekondale ndine, ndipo ndinaibwereza kanayi mpaka amalume ako anasiya kundipatsa moni mwezi wathunthu. Mpanda wa kumanda ndinaluza, koma ndinanena. Ukaone bwino, palibe mwamuna amene a Irsheid anamusiya wopanda dzina. Akazi tokha ndife amene ankatibisa, potilemekeza. A Irsheid akadali moyo, amakhala pa sitolo ya mwana wawo m'mawa uliwonse, pita ukawafunse. Ukafunsenso alembi a matauni enawo. Ndikudziwa kuti ndakudyera chaka, ndipo mtima ukundipweteka. Ndizikuphikira, ndipo ngati ukufuna ndizikwera nawe mabasiwo, chifukwa amayi amenewo foni yako adzaiopa ngati ine, koma ine adzandiuza. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Samirayo umuchotse. A Irsheid anandibisa pondilemekeza, iwe wandibisa ponditeteza, ndipo nonse ndakuthokozani mokwanira. Ine ndine Tamam, mwana wa Salameh. Ulembe choncho, ndipo Ziyad akachita manyazi abwere adzandiuze yekha."