Kupoza Tiyi wa Kamphuno

Atatuluka m'chipatala, momwe anagona miyezi yambiri chifukwa cha chifuwa, mayi wa Kamphuno anapita molunjika kwa mkulu wake kukatenga mwana. Anamusiya akukwawa, anamupeza akuthamanga, kamphuno kokha kali chikhalire ngati batani.

"Bwera kuno, mwana wanga."

Kamphuno anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake aakulu. "Amayi, alendo," anatero akuloza.

"Alendo ati, kambuzi iwe? Amako awa!" Mkuluyo anaseka. "Usadandaule mng'ono wanga, azolowera. Ngakhale bambo ake aakulu amawathawa akameta ndevu."

Mwanayo sanalire ayi. Akamunyamula ankangouma thupi, maso ali kukhomo la kukhitchini. Bola akanamuluma.

M'mawa mwake mayiyo analawirira kuphika tiyi wamkaka. Anathira m'kapu yapulasitiki, nauzira, nauziranso, monga ankachitira ndi phala kale. Anadontheza pang'ono kuseri kwa dzanja. Sankawotcha, komanso anali asanazizire. Poopabe, analawa ndi mlomo.

"Eko, wapola. Imwa."

Kamphuno analandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Kenako anayenda nayo kapuyo pang'onopang'ono kuti tiyi asatayike, mpaka kwa mayi ake aakulu, amene ankasita malaya.

"Watentha."

"Wapola kale, amako akupozera."

"Watentha!"

Mkuluyo anaimika simbi, nkhope ili pansi. Anatenga kapu ina nayamba kutsanulira tiyi uku ndi uku, dzanja lili m'mwamba, mpaka thovu kuti tuu. Mwana anawomba m'manja, nagugudiza tiyi yense, ngakhale tsopano anali atazizira ndithu.

Chikwama cha zovala za Kamphuno chinali pafupi ndi chitseko, cholongedza kale, kudikira ulendo wa masana. Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachitsegula, nayamba kubwezera timadiresi m'kabati kamodzikamodzi.

"Ukutani iwe?"

"Akhale kaye, achemwali. Ine ndizibwera."

Ankafuna kuwonjezera kuti asamamupatse wozizira kwambiri, angadwale chimfine. M'malo mwake anatola makapu awiri aja napita nawo pasinki. Anadzaza imodzi ndi madzi, nakweza dzanja m'mwamba monga anaonera. Madzi oyamba anatayikira kumapazi.