Amayi Anakwatiwanso Ali M'manda

Ndimasoka nsapato kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, m'kachipinda komwe kale ankasungiramo matsache ndi ndowa. Aliyense wokwera kapena wotsika amadutsa pamutu panga. Nkhope za anthu ndinaleka kuzikhulupirira kalekale, koma mapazi ndimawamva bwino.

Nkhalamba zina ziwiri zitalowa m'nyumba ya pamwamba panga, ndinadziwa mayendedwe awo ndisanawaone. Phazi lina linali lolemera, lokoka mwendo wamanzere. Lina linali lopepuka ngati la munthu woopa kudzutsa khanda. Anali amishonale a mpingo wa Amormoni, mwamuna ndi mkazi wake, ochokera kudziko lakutali lozizira. Onse ankavala kabaji kakuda pachifuwa kolembedwa dzina, ngati akuopa kuiwalana. Dzinalo linkandipinda lilime, ndiye ndinangowatcha Bambo Baji ndi Mayi Baji.

Ankadzuka m'mamawa ine ndikutsegula kumene. Ndinkamva mipando iwiri ikukokedwa, kenako mawu akuwerenga mosinthana. Akatha ankatsika atagwirana manja, kukazungulira msewu ngati ana ongotomerana. Masana mayiyo ankaphunzitsa atsikana kuliza kalimba kamagetsi, nyimbo imodzimodzi mpaka mutu kuwawa. Bamboyo ankayendera anyamata a mpingo wawo, amishonale a malaya oyera, kukaona ngati akusesa m'nyumba ndi kuchapa masokosi. Masiku ena onse awiri ankapita kumanda ndi kamera kukajambula mayina a pamiyala. Amenewo sanali akufa awo, sankawadziwa n'komwe. Ndinkaona dothi lofiira la kumandako m'zidendene akabweretsa nsapato.

Tiyi sankamwa. Ndinawapatsa tsiku lina, anakana uku akumwetulira. Munthu wokana tiyi wako koma akumwetulira, muchenjere naye. Bamboyo anakonza getsi la pamasitepe popanda womutuma, mayiyo ankandisiyira timabisiketi tophika yekha pabenchi. Ndinkadya, sindikana, koma ndinkadikira tsiku limene dzanja linalo lidzatuluke kumbuyo.

Linatulukira mwa mlongo wanga. Kwathu timangomutcha Mzime, poti ndiye wotsiriza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano ali ndi imvi zake dzinalo silinamuchoke. Anakumana ndi a Baji pabenchi panga pomwepa atabwera kudzasoketsa chikwama. Posakhalitsa anali atabatizidwa, tiyi wasiya, akuyankhula mofatsa ngati namwino.

Tsiku lina masana anabwera n'kukhala pa kreti ya makasitomala.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani yabwino, koma musayambe nkhope yanuyo."

"Nkhope ndi yomweyi, ina ndilibe. Nena."

"Sabata yamawa tikupita kukachisi pa basi, ndi amishonale aja. Ndi kutali, tikagonako. Ndapereka mayina a amayi ndi abambo."

"Mayina awo akatani kumeneko? Anthu anawola kale."

"Zowabatiza zinachitika ulendo wapita uja, sindinakuuzeni chifukwa ndimakudziwani. Chatsala ndi kuwamanga ukwati wosatha. Amoyo awiri amagwada m'malo mwa akufawo, amagwirana manja, amavomera. Basi, amayi ndi abambo adzakhala pamodzi mpaka muyaya."

Ndinali ndi misomali pakamwa. Ndinailavulira m'dzanja.

"Iwe, wapenga?"

"Ndinadziwa."

"Amayi anati tiwaike kuti? Unalipo. Anati kutali ndi munthu uja, ngakhale kudzala. Tinawanyamula kudutsa tauni yonse kuti mafupa awo asayandikane. Lero iwe ukukawabweza pa basi?"

"Anayankhula ndi ululu, achimwene. Abambo anasintha. Inu simunawaone kumapeto, munakana kubwera. Ine ndinawasambitsa, ndinawadyetsa ndi supuni. Ankalira akamatchula amayi."

"Ng'ona nayo imalira."

"Mtima wanu wauma ngati zikopa zanuzo," anatero, n'kunyamula chikwama chake.

Mzime sakudziwa kanthu, ndipo si mlandu wake. Anali kumbuyo, pa nsalu, tsiku limene amayi anathawa. Ine ndinali wamkulu kale, wa sitandade folo, ndipo sukulu inathera pomwepo. Bambo athu ankagwira ntchito yolondera kunyumba yosungiramo katundu, ndipo kulondera anabwera nako kunyumba. M'mawa uliwonse akamatuluka ankatitulutsa anafe, n'kukhoma chitseko ndi kiyi amayi ali mkati. Kiyiyo ankaimangirira palamba. Ndikaweruka ndinkayankhula ndi amayi pa kampata ka pansi pa chitseko, ndikuona zala za kumapazi kwawo zokha. Madzulo kiyi ikalira, tonse tinkasiya kupuma. Atathawa, amayi anakhala moyo wawo wonse m'kachipinda ka lendi, ndipo chitseko chawo ankangochitsekera ndi mpando. Loko sankafuna kumuona.

Tsiku lotsatira ndinakwera masitepe aja koyamba. Anandilandira ngati mlendo wolemekezeka. M'nyumbamo munali mwaukhondo mochititsa manyazi. Pakhoma panali zithunzi za adzukulu awo, mzere wautali, onse mano pamtunda. Patebulo panali kabokosi ka mapiritsi kogawidwa timagawo, magalasi awiri, ndi mabuku awo awiri ofanana, lina lakutha m'makona kuposa linzake. Mipando yabwino inali iwiri yokha, yoyandikana. Bamboyo anandipatsa wake, iye n'kukhala pa kampando ka kalimba. Mayiyo anabweretsa madzi otentha a mandimu.

Chiyankhulo chathu ankachidziwa ndithu, kungoti ankachiyenda pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Ndabwera za amayi anga," ndinatero. "Asiyeni pomwe ali."

Bambo Baji anavula magalasi. "M'bale wanga, ndikumva. Koma sitikakamiza munthu, wamoyo kapena wakufa. Ife timangopereka mwayi. Amayi anu kumeneko ali ndi ufulu. Akhoza kuvomera, akhoza kukana."

"Adzawafunsa ali okha?"

"Pepani?"

"Powafunsapo. Adzakhala okha, kapena mwamunayo adzakhala ataima pomwepo?"

Anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anayang'ana kapu.

"Zimenezo sitinauzidwe," anatero bamboyo. Pamenepo ndiye ndinamupatsako ulemu, sananame.

"Ndikuuzeni ine. Amayi anga sanakanepo kanthu munthu uja ali m'chipinda. Akati mchere wachepa, inde. Akati wachuluka, inde. Anakana kamodzi kokha, ndi miyendo. Kumene mukuwatumizako kuli kothawira?"

"Mulungu ndi wachilungamo. Sangasiye mwana wake wamkazi m'manja moipa. Ndipo anthu amasintha, m'bale, ngakhale kuseri kwa imfa. Ndikanapanda kukhulupirira zimenezi sindikanasiya adzukulu anga awa kubwera kuno ndi bondo ili."

"Ndiye musiyeni Mulunguyo achite yekha. Inu mukulowererapo chiyani?"

"Mlongo wanu ndi mwana wawonso. Wapempha, ndipo ali ndi ufulu wopempha. Ife sitingamuletse."

Mayi Baji anafunsa motsitsa mawu, "Ankawamenya?"

Ndinatembenuza mutu n'kumulozera khutu langa lamanzere. "Yankhulani mbali iyi muone ngati ndimva. Limeneli linafa chifukwa ndinaima pakati pawo."

Madzi a mandimu aja ndinawasiya osalawa.

Anapita. Ndinawaona akukwera basi pakona, Mzime atavala diresi latsopano, akundibayibitsa ngati palibe chinachitika. Pamwamba panga panakhala zii masiku angapo. Ndinkadziuza kuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Munthu wakufa ndi wakufa, ukagwada m'nyumba ya miyala yoyera kutali uko, m'manda simugwedezeka kanthu. Ndinkadziuza choncho, komabe nsapato ya mphunzitsi wina ndinaikhomera chidendene chopenya kutsogolo, chinthu chomwe sindinachitepo chiyambire ntchitoyi.

Atabwerako, Mayi Baji anatsika yekha, wopanda nsapato yosoketsa, wopanda mabisiketi. Anakhala pa kreti, mawondo pamodzi, manja pamwamba pake.

"Ndimafuna mumve kwa ine," anatero. "Ine ndi amene ndimayenera kugwada m'malo mwa amayi anu. Mwamuna wanga m'malo mwa bambo anu. Tachitira anthu ambiri, ndipo nthawi zonse ndimasangalala. Ndinavala zoyera, ndinalowa m'chipindamo. Nthawi itakwana, ndinakumbukira khutu lanu. Ndinamuuza mwamuna wanga kuti sinditha. Chikwatirane sindinamukanirepo chinthu pamaso pa anthu."

"Ndiye sizinachitike?"

"Zinachitika. Mlongo wanu ndiye anagwada m'malo mwanga."

"Ndi amuna anu?"

"Inde."

"Mzime anavomera?"

"Anavomera. Analira ndi chimwemwe, bambo. Ndimafuna mudziwenso zimenezo. Sanachite mwankhanza."

Ndinatenga nsapato yomwe inali pafupi n'kuyamba kuipaka polishi, ngakhale inali yopaka kale. Anakhalabe pang'ono, kenako anakwera. Ndinamvetsera phazi lopepuka lija mpaka pamwamba.

Kuyambira pamenepo denga langa linasintha. Phazi lolemera likayenda, ndinkadzutsa mutu n'kuyang'ana kudenga. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi nkhalamba yachilendo ya bondo lowawa, yomwe imanyamulira mkazi wake chikwama. Koma munthu ameneyu anagwada n'kuyankha m'dzina la bambo anga, ndipo thupi langa linamva zimenezo ngakhale mutu unkakana. Akakoka mpando ndinkasiya kusoka. Mayiyo akasiya kuliza kalimba pakati pa nyimbo, ndinkadikira ndi singano m'mwamba mpaka ayambirenso. Akamatsika atagwirana manja ndinkayang'anitsitsa dzanja la bamboyo, kuti ndione ngati likugwira kapena likufinya. Ankandipatsa moni monga kale. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana pansi, monga ndinkayankhira kunyumba kwathu.

Mzime anabwera kamodzi. Anati analota amayi atavala zoyera akumwetulira.

"Ankamwetuliranso alendo akabwera," ndinamuuza. "Mlomo uli wotupa."

Sanabwerenso.

Ndiye kunadza m'mawa wina wa mvula yowaza. Pamwamba sindinamve kuwerenga kosinthana kuja. Ndinamva phazi lolemera lokha, uku ndi uku. Kenako chitseko chinatsekedwa, kiyi inalira kawiri m'loko, ndipo Bambo Baji anatsika yekha. Chibwerere, m'mawa anthu amenewa ankatsika limodzi nthawi zonse. Anadutsa pakhomo panga atavala jasi, akulowetsa kiyi m'thumba.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinapezeka ndili pamwamba, kanyundo kali m'dzanja, ndikumenya chitseko ndi chibakera. Ndinali nditagwada kale kuti ndisuzumire pa kampata ka pansi pamene loko analira mkati, chitseko n'kutseguka.

Mayi Baji anaima pamenepo atafunda bulangeti, mphuno yofiira, kumutu kosapesa.

"Bambo, kwagwanji?"

"Anakukhomerani."

"Ndili ndi chimfine. Wapita kukandigulira mankhwala. Ndinamuuza akhome kuti ndisadzuke." Anandionetsa kachitsulo kopotokola ka mkati mwa chitseko. "Chimatseguka mkati muno. Onani."

Anapotokola kawiri katatu kuti ndione. Kenako anayang'ana kanyundo, anayang'ana mawondo anga, ndipo sanafunsenso china. Anandigwira pamkono kundithandiza kudzuka, nkhalamba kudzutsa nkhalamba inzake. Ndinakhala pa sitepe yapamwamba. Iye anakhala pambali panga, mbali ya khutu lamoyo.

Mvula inkamveka pa malata a kuseri.

"Mayi," ndinatero, "ana nawo mumawalowetsa mu ukwati wosatha uja?"

"Inde. Ana amamangidwa kwa makolo awo. Mlongo wanu anamangidwa tsiku lomwelo."

"Nanga wosapemphera ngati ine?"

"Ali moyo, ayi, pokhapokha atalowa mpingo mwa kufuna kwake. Akamwalira, wachibale akhoza kumuchitira pakapita nthawi. Koma ngati simukufuna, ndimuuza mlongo wanu mawu anu. Ndimuuza mwamphamvu."

"Mumuuze achite."

Ananditembenukira.

"Ndikangofa, asazengereze. Mumuuze inuyo, ine ndi iye sitikuyankhulana. Ndipo inu mukadzabwerera kwanu, muwauze odzalowa m'malo mwanu, asadzati sitinamve."

"Mwayamba kukhulupirira, bambo?"

"Ayi. Ndi bodza lonselo." Ndinapukuta kumaso ndi epuloni, n'kudzipaka polishi. "Koma ngati si bodza, Mzime akadali ndi zaka zambiri kunja kuno. Amayi ali okha m'menemo ndi munthu uja."

Pansi chitseko cha kumsewu chinatseguka, ndipo phazi lolemera linayamba kukwera, likukoka mwendo wamanzere. Mayi Baji anafuna kudzuka. Ine ndinadzuka msanga kuposa iye, n'kuima kutsogolo kwake.