Mango Atatu a Kubwinja

Wogula ng'ombe anali atazungulira khola kawiri, akuzipapasa nthiti ngati ndi zake kale, pamene Elufe anasiya kutsuka mbale za pamaliro n'kuimirira. Manja ankadontha thovu. Anawapukutira pachitenje.

Linali tsiku lachitatu chimwalirireni a Sixpence Mbewe, ndipo thupi linali likadali kumochale ku Mvurwi chifukwa ana awo awiri sankamvana. Laxon, wamkulu, wokumba golide ku Shamva, ankati bambo akaikidwe ku Ntcheu, komwe anachoka ali mnyamata kudzathyola fodya m'mapulazi a dziko lino la olankhula Chishona. Celestina, amene anawadwazika, ankati aikidwe pompano. Kuti maliro awoloke malire awiri, panafunika kugulitsa ng'ombe zonse ziwiri ndi ngolo yomwe, ndipo ngoloyo ndi imene inkadyetsa Celestina ndi ana ake potutira anthu nkhuni zoumitsira fodya.

"Sisi, ndatopa nazo," Laxon ankauza Celestina ali chiimire pakhomo la khola. "Baba ankati chiyani tili ana? Ankati ndikafa mukandiike kwathu. Tete Nambewe, mlongo wawo, alipo. Mlaliki anawaona ndi maso ake. Ndiye tiwakwirire mupulazi ya eni ngati alibe abale?"

Mlalikiyo anali Elufe. Mpingo unamutuma kuchokera ku Dedza zaka ziwiri zapitazo, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ntchito yake inali kupalasa njinga m'makomboni, kuphunzitsa ana nyimbo ndi kuwerengera okalamba Baibulo la Chichewa, poti adzukulu awo anakulira m'Chishona. Chishona cha iyeyo chinali chotsimphina moti ana ankachita kugwira m'mimba poseka. Miyezi yoyamba ankalira mobisa posowa kwawo. Amene anamuzindikira anali a Sixpence, omwe ankamuitana Lachiwiri lililonse kuti awawerengere Salimo, kenako n'kumufunsa mayina a mapiri akwawo, limodzilimodzi, ngati mphunzitsi wovuta.

Mu Disembala, popita kutchuthi, anamutuma ku Ntcheu ndi kalata ya mlongo wawo. Elufe anafunsafunsa mpaka anafika. Anapeza bwinja. A Nambewe anamwalira kalekale, ana awo anabalalika, malowo ankalima anthu ena amene dzina loti Sixpence sanalimvepo. Chotsala chinali mtengo waukulu wa mango a kalisere. Anatola atatu n'kuika m'chikwama. Atabwerera, n'kuona mmene mkuluyo anatcherera makutu, analephera kunena choonadi. Anangoti, "Ali bwino, akupatsani moni," n'kupereka mangowo. Munthu wa Mulungu ananama bodza la mawu ochepa, ndipo lero bodzalo linali pafupi kudya ng'ombe ziwiri.

Elufe anayenda n'kukagwada chapatali pang'ono ndi khola.

"Achimwene a Laxon, ndapota nanu, ng'ombezo ziyambe zaima. Ndili ndi mawu."

"Za nyimbo tikambirana madzulo, sisi mlaliki."

"Si za nyimbo. A Nambewe kulibe. Anamwalira zaka zambiri zapitazo. Kumudziko ndinapezako bwinja, ndipo palibe amene angalandire maliro. Ndinawanamiza agogo. Ndinaopa kuwaswa mtima."

Wogula ng'ombe anayamba kuyang'ana nsapato zake. Laxon anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Inuyo? Ndi Baibulo m'manja?"

"Ineyo."

"Ndiye baba afa akudziwa kuti kwawo kuli anthu, chonsecho kulibe. Mwawapusitsa ngati mwana."

Izi n'zimene zinkamudya Elufe miyezi isanu ndi itatu, ndipo kuzimva pakamwa pa wina kunawawa koposa. Anali ataganiza kale za kalata imene akulu a mpingo angalembe, ndi basi yomubwezera ku Dedza.

Celestina ndi amene anaseka. Kunali kuseka kwa munthu wotopa, kotulukira m'mphuno, misozi ili m'maso.

"Mukoma, baba mumawadziwa inu? Akanapusitsidwa ndi kamtsikana aka?" Anatembenukira kwa Elufe. "Tsiku lomwelo mutangochoka, anandiitana. Anati, Celestina, mlongo wanga wapita. Ndinati mwadziwa bwanji? Anati, Nambewe akanakhala moyo, mlendo wochokera kwa ine sakanabwera ndi mango atatu. Akanamusenzetsa ufa, nyemba, mtedza, nkhuku yomanga miyendo, mpaka kondakitala kukana. Mango atatu ndi otola pansi, pamudzi popanda mwini."

"Nanga bwanji sunandiuze?" anafunsa Laxon.

"Ndinakuuzani dzana, munati mlaliki sanganame. Komanso baba anandiletsa. Anati mwanayu wanama chifukwa chondimvera chisoni, musamuchititse manyazi, adzanena yekha."

Elufe anaphimba nkhope ndi chitenje. Lachiwiri lililonse lija, mkulu uja ankamvetsera Salimo akudziwa zonse, n'kumamuthirira tiyi. Manyazi anamugwira, koma pansi pa manyaziwo panali mpumulo waukulu, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali.

"Tiyeni mukaone," anatero Celestina.

Anadutsa kuseri kwa zigafa zakale za fodya, n'kutsata kanjira kopita kumanda a pakomboni. Udzu unali wouma, Ogasiti atawaula zonse. Pambali pa manda a Agnesi, mayi a Laxon ndi Celestina, panali malo osesedwa bwino, otalika ngati munthu. Kumutu kwake kunali timitengo tiwiri ta mango tofika m'bondo, tobiriwira, totchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Chigubu cha madzi chinali chogoneka pomwepo.

"Ankabwera m'mawa uliwonse ndi chigubuchi mpaka miyendo itakana," anatero Celestina. "Ankati, poti ine sindipita kwathu, kwathu kwabwera kuno."

Laxon anagwada, nagwira tsamba limodzi ndi zala zake zong'aluka ndi miyala ya m'migodi. Mapewa ake anatsika. Mwina nayenso ankauopa ulendowo kuposa mmene ankaonetsera.

"Mudhara ameneyu, nkhalamba imeneyi," anatero motsitsa mawu, akupukusa mutu. "Sisi, kamuuze wa ng'ombe uja azipita. Anyamata ayambe kukumba mawa m'mamawa." Anayang'ana Elufe. "Inu mukawerenge Salimo lawo lija. Koma muwerenge zimene zalembedwazo, osawonjezera."

Anaseka onse atatu, pang'ono pokha, poti panali pamanda.

Pobwerera, Elufe anafunsa chimene chinkamuvuta. "Mango aja anali atatu. Linalo silinamere?"

Atafika kunyumba, Celestina anazungulira kuseri, kumene a Sixpence ankakonda kuwothera dzuwa, n'kubwera atanyamula chitini chakale cha penti. M'menemo munali kamtengo kachitatu, konenepa kuposa tinzake.

"Aka anati n'kanu. Anati mukadzale pakhomo panu kutchalitchi, chifukwa nanunso muli kutali ndi kwanu."

Elufe analandira ndi manja awiri. Dothi la m'chitinimo linali litayamba kuuma, ndipo anapita nacho kumpopi.