Mlandu wa Mauka

"Ndiye wamuweruza kale mwamuna wako?"

"Woweruza si ine. Thupi langali ndi limene lapereka umboni."

Odeta, namwino wa pa chipatala cha ku Chifunde, anali atangomaliza kumuyeza Crimilda, mnzake wa ku sukulu, ndipo ankasamba m'manja akubisa kuseka. Crimilda anabwera ndi mlandu wokonzakonza. Kumaliseche kunkamuyabwa moti ku tchalitchi ankangodzuka nyimbo isanayambe, ndiponso kunkatuluka zoyera ngati chambiko. Mwamuna wake Nélio amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto, kupita ku Cassacatiza, kumene madalaivala a malole amagona. Pamenepa pankafunikanso wolosera? Uthenga anali atatumiza kale ku Mualadzi kuti amalume ake, a Yeremiya, omwe ndi ankhoswe, abwere tsiku lomwelo adzamve.

"Posachedwapa wamwako mankhwala?" anafunsa Odeta.

"Makapisozi a dzino."

"M'kati umatsuka ndi sopo?"

"Ine si wauve."

"Nanga zovala zam'kati umayanika kuti?"

Crimilda anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Pansi pa matiresi. Pakhomo paja pali apongozi aamuna, iwe. Ukufuna ndiziyanika pabwalo ngati mbendera?"

"Zimauma?"

"Zimaumira m'thupi."

Apa Odeta anaseka mosabisa. Anamufotokozera kuti mauka akewo ndi a tizilombo ta mtundu wa chuku, timene timakhala phee m'thupi mwa akazi ambiri. Makapisozi aja amapha tizilombo tabwino totiletsa kuchulukana, sopo wa m'kati amasokoneza zotsalazo, ndipo chinyontho ndiye chimatikomera. "Matendawa amagwira ngakhale mtsikana amene sanaonepo khomo la mwamuna."

Crimilda anamva ngati amulanda chinthu m'manja. Mawu amene anawakonza akusinja, akutunga madzi, aja oyamba ndi akuti "Amalume, ine ndapirira", adzapita nawo kuti?

"Nanga Nélio?"

"Za Nélio ndi Cassacatiza ine sindikuzidziwa, sindikwera nawo motayo. Koma pa izi alibe mlandu." Odeta anatsegula kabati. "Mankhwala alipo. Pali komprimido lomeza kamodzi basi, koma woyembekezera sitimupatsa. Uli ndi pakati?"

"Kaya. Mwina."

"Wa 'mwina' sameza. Tenga awa oika kumaliseche pogona. Ndati oika, mayi, osati omeza. Pomada iyi uzipaka kunja poyabwapo. Umalize onse ngakhale kuyabwa kutasiya. M'kati osatsukamo, madzi kunja akwanira. Zikabwereranso ubwere, tidzayezenso shuga."

"Apongozi aja ndiwatani?"

"Dzuwa limawalanso kuseri kwa nyumba."

Atafika kunyumba anapeza Nélio atagwada akupukuta tcheni cha mota, akuimba nyimbo ya kwaya ndi mawu ake osagwirizana aja. Munthuyo sankadziwa n'komwe kuti sabata yonse wakhala woimbidwa mlandu. Kukwiya kwa mkazi wake ankati ndi dzino lija.

"Bambo a kuno, tandimangirani chingwe kuseri kwa nkhokwe."

"Chingwe chilipo kale pabwalo."

"Ichi n'cha zovala zamanyazi."

Nélio sanafunsenso. Anamanga chingwe pakati pa mpapaya ndi nkhokwe, nachiyesa ndi chala ngati gitala. Crimilda anayanika tizovala take tonse padzuwa, mtima uli myaa. Anaganiza zomuphikira mazira munthu wosalakwayu.

Belu la njinga linalira pabwalo.

A Yeremiya anatsika atavala jekete la pa milandu, fumbi litafika m'nsidze. Nélio anawathamangira mokondwa, nawalandira njinga, nawaikira mpando pamthunzi.

"Mwatikumbuka lero, amalume. Kumudzi n'kwabwino?"

"Kumudzi n'kwabwino. Kuno ndiye ndamva zina."

Crimilda anagwada ndi kapu ya madzi, maso ali pansi. Anayesa kuwatsinzinira diso, koma a Yeremiya ankayang'ana mkamwini wawo, amene ankangomwetulira. Ankhoswewo anamwa madziwo pang'onopang'ono, napukuta pakamwa, naika chipewa pabondo.

"Ndasiya chimanga chosapalira ku Mualadzi," anatero. "Wolakwa ndani pano?"